Tsamba Limene Linatseguka pa Foni ya Amayi

Inu amene mumati simunachitepo nsanje, pitirirani, nkhani ino si yanu. Koma ngati munamvapo m'mimba mukutentha chifukwa choti m'bale wanu zamuyendera, khalani pansi. Ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina amene anthu ankangomutcha Amakava.

Dzinali linabwera ndi ntchito. Ankagulitsa makava a mafoni pa katebulo kopendekeka, pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja. Pamwamba pa masitepe omwewo panali kampani yokonza masamba a pa intaneti, ndipo m'kampanimo munkagwira ntchito mng'ono wake wa bere limodzi.

Chilonda chinali pamenepa. Amene anayamba kuphunzira zokonza masamba anali mkuluyu. Ndi iye amene anakhazika mng'ono wake patsogolo pa kompyuta n'kumuonetsa poyatsira. Kampaniyo itafuna munthu, anakayesedwa onse awiri. Mng'ono anatengedwa. Mkulu anauzidwa kuti, "Masamba anu ndi ouma, mayi. Sakopa maso."

M'mawa uliwonse mng'onoyo ankadutsa pa katebulopo, chiphaso cha kuntchito chili lende m'khosi.

"Mwadzuka bwanji achemwali?"

Moni wabwinobwino, koma Amakava ankaumva ngati mbama. Ankayankha ndi mphuno, kenako n'kumamvetsera nsapato za mng'ono wake zikukwera, go go go, pamwamba penipeni pa mutu wake.

Kwa amayi awo zinthu zinkangowonjezera mchere pachilonda. Mng'onoyo anali atakonza tsamba la chipatala china cha maso, chomwenso amayiwo ankapitako chifukwa cha ng'ala. Mlendo aliyense ankauzidwa asanakhale n'komwe. "Tsamba la chipatala chija wakonza ndi mwana wangatu! N'lokongola zedi." Mlendo akafunsa za wamkuluyo, amayi ankangoti, "Nayenso akuyesetsa." Mawu akuti akuyesetsa amapweteka kuposa kutukwanidwa, afunseni amene anawamvapo.

Tsono nsanje inamupatsa Amakava ntchito yachiwiri. Makasitomala akachepa, ankatenga foni yake yosweka pakona n'kutsegula tsamba la chipatala lija. Sikuti ankafuna kuyamikira ayi, ankasaka cholakwika.

Sanavutike kuchipeza. Tsambalo linkakana kutseguka. Kagudumu kankangozungulira pakati pa sikirini, kuzungulira, kuzungulira, bandulo ikutha. Likatseguka, pankayamba vidiyo ya madokotala akumwetulira, zilembo zili zing'onozing'ono ngati nyerere, ndipo batani losungitsira malo linkabisala kumbali, kofunika kulikoka ndi chala.

Amakava anawomba m'manja yekhayekha. "Ndakugwira!"

Anadziwa chimene chinachitika, chifukwa nayenso anaphunzira momwemo. Kumwambako ankayesa masamba pa makompyuta a sikirini zikuluzikulu, netiweki ili yothamanga. Palibe amene ankatsika masitepe kukaliyesa pa foni yotchipa, pansi pa konkire pomwe netiweki imalowa monyinyirika.

Anatulutsa laputopu yake yakale, yoti ukangoichotsa kumagetsi yazima, n'kukopera tsamba lonselo. Cholinga chake ndichinene mosabisa: ankafuna kulisosola nthenga zonse ngati nkhuku, kuti aliyense aone kuti ntchito ya mng'ono wake ndi mafupa okhaokha.

Anachotsa vidiyo. Anafinya zithunzi kuti zipepuke. Mizere itatu yoyandikana anaisanja kukhala mzere umodzi wotsika pansi, woti munthu angoyendetsa chala chimodzi. Atamaliza analiika tsambalo pamalo ena aulere a pa intaneti, odziwa iye yekha.

Koma nkhuku ija itasosoka, inapezeka yonona. Mawu amene mng'ono wake analemba anali omveka. Mafunso osungitsira malo anali ochepa ndiponso osanjidwa mwanzeru. Amakava anakhala ndwii kuyang'ana laputopuyo, mtima ukumuwawa kuposa kale. Mwanayo ntchito ankaidziwa ndithu.

Wina akanasiyira pomwepo. Iye anangoluma mano n'kunena kuti, "Chabwino, koma langa litseguka."

Anayamba kugwiritsa ntchito makasitomala ake. Munthu akagula kava, Amakava ankamupempha kuti atsegule tsambalo pa foni yake, iye n'kumaveka kavayo. Anadziikira lamulo lakuti akamaliza kuveka kava tsamba lisanatseguke, ndiye kuti likadali lolemera.

Poyamba zinkamuchititsa manyazi. Zithunzi anazifinya mopitirira, moti bambo wina woyendetsa njinga yamoto anayang'ana dokotala wa patsambalo n'kufunsa kuti, "Amakava, uyu ndi dokotala kapena mzukwa?" Anthu anafa nazo kuseka. Tsiku lina anachotsa kachidutswa kamene ankaganiza kuti n'kopanda ntchito, ndipo batani losungitsira malo linangoti zii, osagwira. Anathera masana onse akufufuza chimene wawononga, makasitomala akubwerera poona nkhope yake.

Kunabweranso kalipentala wina wa chala chachikulu ngati mpini, amene akadina batani limodzi ankadina awiri. Amakava anakulitsa mabatani, n'kuwatalikitsa. Anaphunzira kuti chithunzi cha m'munsi chidikire kaye mpaka munthu atafikako. Anaphunzira kuti nambala ya foni ya chipatala ikhale pamwamba, chifukwa wodwala maso alibe nthawi yosakasaka. Paja akuti ukaipa dziwa nyimbo. Iye anauzidwa kuti sakopa maso, ndiye anaphunzira kupepukitsa.

Inafika nthawi yoti tsamba linkatseguka kava isanalowe ngakhale kona imodzi. Linali lokonzeka. Koma Amakava sanauze aliyense wa kubanja. Analisunga ngati mwala m'thumba, miyezi n'kumapita, akudikira tsiku labwino logendera. Ankalingalira zopita kwa mkulu wa chipatalacho kukamuonetsa masamba awiriwo, ntchito ya mng'ono wake ithere pomwepo. Koma ankafuna kuti ayambire pamaso pa amayi.

Tsikulo linakwana. Anali masana a tsiku lopuma, onse atatu ali pabalaza kwa amayi. Mwa chizolowezi, amayi anayamba kutamanda tsamba la chipatala. Amakava anatenga foni ya amayiwo, kafoni kakale kovala kava yomwe anawapatsa yekha, n'kutsegula tsamba lake lija.

"Taonani apa amayi."

Amayi anayandikitsa foniyo kumaso. Anayendetsa chala pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga. Kenako anafuula.

"Eee! Latseguka! Zilembo zake zikuluzikulu!" Anatembenukira kwa wamng'onoyo, misozi ili m'maso. "Mwanawe, wachita bwino. Lero ndaliona ndi maso anga!"

Amakava anamva ngati amuthira madzi owira. Thukuta lonse lija, chiyamiko n'kupitanso komweko!

Koma wamng'onoyo sanamwetulire. "Lero, amayi? Kodi simunalionepo?"

Amayi anaweramitsa mutu. "Limangozungulira, mwana wanga, mpaka bandulo kutha. Ndimaopa kukukhumudwitsa. Ndimangolawirira kukaima pamzere wa anthu osasungitsa malo. Nthawi zina dzuwa limandithera pomwepo, n'kubwerako osaonana ndi dokotala."

Wamng'onoyo anatenga foniyo, nayang'ana kwa nthawi yaitali. Mawu anali ake, koma kasanjidwe kanali ka munthu amene anamuphunzitsa.

"Si ine amayi," anatero. "Ili ndi dzanja la achemwali."

Amakava anadzikonza pampando, kudikira ulemerero wake. Amayi anamuyang'ana ndi maso awo ofooka aja.

"Wakonza liti?"

"Papita miyezi."

"Ndiye unali nalo nthawi yonseyi, ine ndikuima padzuwa?"

Sanakalipe, anangofunsa. Koma Amakava anasowa polowa. Mwala umene ankasungira mng'ono wake unali utagenda mayi ake omubereka, ndipo unkawagenda mwakachetechete ulendo uliwonse wa kuchipatala. Anatuluka osatsanzika, ndipo analira njira yonse.

M'mawa mwake nsapato zija sizinakwere masitepe. Mng'onoyo anakoka katoni ya makava n'kukhala pambali pa katebulo.

"Achemwali, dzulo ndakuchitirani nsanje," anatero. "Zonse zimene ndakonza, amayi sanaonepo ngakhale chimodzi. Choyamba kuona chadutsa m'manja mwanu."

Amakava anali asanaganizepo kuti nsanje imathanso kutsika masitepe.

Mng'onoyo anapitiriza. Achipatala anali atadandaula kale kuti odwala sakusungitsa malo, ndipo ankafuna kusiya kampaniyo. Abwana anali atanena kuti chipatala chikapita, mng'onoyo nayenso apite. "Mutha kukawaonetsa nokha achipatala. Akutengani, ine n'kuchotsedwa. Sindingakuletseni."

Chimene Amakava ankachilota chinali patebulo, chongotola. Anayang'ana mng'ono wake, ndipo anaona kamtsikana kaja kamene kankaopa kudina batani la kompyuta poganiza kuti iphulika.

"Ndinkafuna ugwe," anatero. "Ndikuuze zoona, ndinkafuna ugwe mpaka ndimve phokoso."

"Ndimadziwa. Moni wanga mumayankha ndi mphuno."

"Nyamula laputopuyo. Koma kumwambako ndikalankhula ndekha, iwe pakamwa potseka."

Anakwera onse awiri. Abwana anamukumbukira Amakava, ndipo anakwinya nkhope. Amakava anapempha foni ya mayi wosesa muofesimo, yotchipa ngati yake, n'kuwapempha abwanawo kuti atsike nawo pansi pa masitepe. Kumeneko anatsegula tsamba lakale pa foni ina, latsopano pa inzake, n'kuyamba kuveka kava. Latsopano linatseguka asanagwire bwino kavayo. Lakale linkazungulirabe iye atamaliza n'kupinda manja.

Abwana anayendetsa chala. "Komabe ndi louma."

"Inde bwana. Chovala chouma n'chimene chimapepuka. Koma mawuwa ndi a mng'ono wangayu, sindinasinthe ngakhale limodzi. Ine ndangowatula katundu."

Musaganize kuti anamulemba ntchito tsiku lomwelo. Abwana aja anali ouma mutu. Anangomupatsa tsamba la chipatala lokhalo kuti alimalize, ndipo Amakava anabwerera pa katebulo kake. Koma chipatala sichinachoke, mng'ono sanachotsedwe, ndipo amayi anasungitsa malo okha ali khale pampando wawo.

Ena anamva. Mwini sitolo ya mabuku anatsika ndi tsamba lake lolemera, kenako a sukulu ina ya ana. Ena ankamunyoza kuti munthu wa pansi pa masitepe angadziwe chiyani, ena ankalonjeza kubwera osabweranso. Iye anapitirizabe, kava kudzanja lino, laputopu kudzanja linalo. Patapita nthawi kampani ija inayamba kumutumizira masamba ake onse asanatuluke.

Lero Amakava ali ndi kachipinda kake pamwamba pa masitepe omwe aja, moyang'anizana ndi khomo la mng'ono wake. Patebulo lake padzaza mafoni akale, osweka ndi otchipa, oyesera masamba. Dzina lija anakana kulisintha.

Nsanje yatha? Ndinganame. Mng'ono wake akasankha mitundu yokongola, Amakava amameza malovu mpaka pano. Koma masiku ano amanena poyera kuti, "Iwe, izi zandipweteka, wazikonza bwino kwambiri. Bweretsa kuno ndizichepetse thupi." Ndipo onse amaseka.

Lamulo la kava lija likadalipo, koma pali lina loposa. Tsamba lililonse, lisanapite kwa mwini wake, limayamba latseguka pa foni ya amayi. Amayiwo amayandikitsa kumaso, n'kuyendetsa chala, kenako amati, "Latseguka." Safunsanso kuti wakonza ndani. Alendo akabwera amangowauza kuti, "Ana anga."

Tsono iwe amene wakhala pansi pa masitepe, ukumva nsapato za anzako zikukwera pamwamba pa mutu wako, sindikuuza kuti usamve kuwawa. Kumawawa ndithu. Koma pamene wakhalapo ukuona zimene a kumwamba sakuziona, ndipo limenelo ndi luso lako. Ligwirire ntchito, likakugwetsa dzukanso. Chokhacho, likapsa usalibise m'thumba kudikira tsiku logendera m'bale wako, chifukwa pali wina amene waima padzuwa kudikira chimene wasungacho. Usataye mtima, ndiponso usauumitse. Chitulutse lero.