Buku Limene Ndinapatsa Msuweni Wanga Woweruza Milandu

Ine ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, tinkakhala pa benchi imodzi ku pulayimale kwathu ku Kabudula. Mayeso akatuluka ine ndinkakhala nambala wani, iye wachitatu kapena wachinayi. Ndikunena zimenezi chifukwa masiku ano palibenso amene amazikumbukira.

Pomwe tinkamaliza sekondale bambo anga anali atamwalira, choncho ndinathamangira ku maphunziro a uphunzitsi kuti ndiyambe msanga kuthandiza pakhomo. Mnzangayo anapita ku yunivesite, amalume akumugulitsira fodya chaka ndi chaka. Anayamba ntchito m'maofesi oyang'anira chuma cha boma, kenako anakaphunzira zamalamulo, mpaka tinamva kuti wakhala woweruza milandu. Ine n'kuti ndikadali ndi choko m'manja, pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nsaru.

Chaka china kusukuluko kunabwera makatoni a mabuku akale ochokera kunja. Poti ndinkaphunzitsa mbiri yakale, ahedi anandipatsa ntchito yowasankhula. Ndinapezamo buku lofotokoza moyo wa munthu wina wa ku Amereka, wa nthawi imene dziko lawo linkamenyana lokhalokha pa nkhani ya ukapolo. Poyamba anali loya woteteza akapolo othawa. Kenako anakhala nduna ya zachuma, ndipo boma litayamba kusindikiza ndalama zapepala, pa imodzi anaikapo nkhope yake. Pomaliza anamusankha kukhala mkulu wa oweruza onse. Koma mtima wake unali pa upulezidenti. Ankadziona wanzeru kuposa pulezidenti amene anamupatsa maudindowo, ndipo anamwalira mpandowo asanaulawe.

Ndinaliwerenga kawiri. Ku chuma, kenako ku khoti: njira ya msuweni wanga yeniyeni! Ndinatenga bolopeni yofiira yochongera mayeso n'kudula mizere paliponse pamene pankanena za kudzikuza ndi kusakhutira kwa munthuyo. Ndinkamva kukoma ngati ndikumuchonga iye.

Mwayi unapezeka pa mwambo wa chiliza cha amalume. Msuweni wanga anafika pa galimoto yakuda, ndipo anthu anamutulutsira mpando wakhushoni, ine n'kukhala pa njerwa. Ngakhale amayi anga, amene anamusambitsapo ali khanda, ankangoti "bwana jaji". Titadya ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Asuweni, ndakusungirani kabuku aka. Mukawerenge bwino, makamaka mofiiramo."

"Inu ndiye simusintha," anatero akuseka. "Mukadandipatsabe homuweki?"

Ndinadikira miyezi ingapo kuti akwiye. Ndinali nditakonzeratu ndi choyankha chomwe. Sanaimbe foni.

Patapita zaka ziwiri anapuma pantchito, ndipo abale anamukonzera phwando mu holo ina pa Namitete. Ndinapita pa njinga, jekete nditaipinda m'jumbo kuti isadetsedwe ndi fumbi. Itakwana nthawi yoti alankhule, anapisa m'chikwama n'kutulutsa buku lija. Ndinati basi, lero andiyalutsa pagulu.

Sanatero. Anafotokoza moyo wa munthu wa ku Amereka uja bwino lomwe, kuposa mmene ndinkaufotokozera ine m'kalasi. Ananena za akapolo amene ankawaimira kukhoti, za nkhope pa ndalama, anthu n'kuseka. Kenako anatsitsa mawu, nati pamene ankalandira bukulo anali ndi maganizo osiya ukhoti kuti akapikisane nawo pa uphungu, ndipo mizere yofiira ija ndiyo inamubweza.

"Amene anandichenjeza ali pompano," anatero. "Asuweni, taimirirani anthu akuoneni."

Ndinaimirira. Anthu anaomba m'manja, koma maso awo anali pa iye. Amayi ena amene ndinakhala nawo pafupi ananong'oneza anzawo kuti, "Koma bamboyu ndi wodzichepetsa, eti? Mpaka kuthokoza mphunzitsi." Buku ndinalipeza ndine, mizere ndinadula ndine, koma ulemu wonse unapitanso kwa iye. Ngakhale chipongwe changa anachitenga n'kuchisandutsa chokometsera mbiri yake.

Pobalalika anandipeza ndikumasula njinga pa mtengo wa mango.

"Tiikweze kumbuyo kwa galimotoku, ndikakutuleni."

"Ayi, ndili ndi podzera," ndinanama.

Anandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti kuthokoza kwake kunali kochokera pansi pa mtima. Chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Akanakhala wonyada ndikanapeza pomudera.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, miyendo ikuwawa. Mkazi wanga anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo anandifunsa mmene phwando layendera. Ndinamuuza kuti mpunga unali wosapsa.