Timafupa Tiwiri ta Phiko la Nkhuku

Katundu woyamba amene ndinagulitsa pa moyo wanga anali timafupa tiwiri ta phiko la nkhuku. Tinali tomangidwa pamodzi ndi ulusi wa thumba la feteleza, kamodzi kokulirapo, kena kowonda ngati kamtengo ka machesi, ndipo kokulirapoko kanali ndi kachotupa pakati ngati mfundo ya nzimbe. Ndinatisunga m'thumba la kabudula dzinja lonse, kenako ndinatigulitsa kwa mnzanga wa m'kalasi nditamuuza kuti ndi chithumwa cha mayeso. Anandipatsa zitumbuwa. Mayesowo analephera, ndipo mpaka lero akandipeza pamsika wa Kasungu, pomwe ndimagulitsa majekete a kaunjika, amandikuwira kuti ndimubwezere zitumbuwa zake. Ine ndimamuuza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Koma pa zonse zimene zadutsa m'manja mwangamu, timafupa timeneto ndi tokhato timene ndimadandaula kuti ndinatchipitsa.

Zinali m'zaka za makuponi. Tinkakhala ku Kaomba, ine ndi amayi, ndipo amalume anali ndi nyumba yawo kuseri kwa chigafa chathu cha fodya. Bambo anali ku Joni, komwe ankatitumizira moni wochuluka kuposa china chilichonse. Chaka chimenecho dzina la amayi linatuluka nawo pa olandira feteleza wotsika mtengo. Kapepala ka kuponiko anakakulunga m'pulasitiki, nkukasomeka m'denga pamwamba pa pogona pawo, ndipo m'mawa uliwonse ankakagwira kaye asanapite kudambo kukathirira nazale ya fodya. Kunali kotentha mwezi umenewo. Fumbi linkalowa mpaka m'mano, ndipo mango anali asanayambe kupsa.

Kusukulu tinali pa phunziro la thupi la munthu. Tinalibe chithunzi chopachika pakhoma, koma aphunzitsi athu anali munthu wowonda kwambiri, ndipo ankadziwa kuti ndi wowonda. Anapinda malaya mpaka paphewa, nkuima kutsogolo kwathu. “Chithunzi chanu ndi ine,” anatero. Anayamba ndi chigaza, msana, nthiti zimene zinkaonekera ngakhale mkati mwa malaya, nkutiuza kuti munthu wamkulu ali ndi mafupa opitirira mazana awiri. Ine, amene ndinali nditazolowera kale kunenerera mtengo wa bonya amayi akandituma, ndinakweza dzanja nkupempha kuti atsitseko, tingomvana pa zana limodzi. Anandisesetsa bwalo lonse la sukulu. Mawu awo ndimawakumbukira: “Thupi si msika, iwe.”

Tsiku lotsatira tinafika pa mkono. Anatigwiritsa fupa lopingasa pansi pa khosi, kenako lina lophwatalala ngati khasu kumbuyo kwa phewa. Kuchoka paphewa kufika pachigongono, fupa limodzi lalitali. Kuchoka pachigongono kufika padzanja, mafupa awiri ogona limodzi. M'munsi mwake timafupa tating'ono tothithikana ngati nsawawa m'mbale, kenako a chikhatho ndi a zala. Mayina ake anali achingerezi, ndipo pa awiri aja lina linkamveka ngati rediyo, lina ngati dzina la mtsikana, Alina, moti kalasi yonse inagwa ndi phwete. Iwo anangodikira kuti tithe kuseka, kenako anatiuza kuti titsamiritse chigongono m'nthiti nkutembenuza dzanja, chikhatho kumwamba, chikhatho pansi. Anati fupa lina limakhala phee, linzake limagudubuka pamwamba pake. Ndi zimene zimachititsa kuti munthu athe kulandira, komanso athe kupereka.

Ine ndinafinya mkono wanga ponseponse nkunena kuti ndikumva fupa limodzi lokha. Sindinkafuna kugonja kawiri sabata imodzi.

Loweruka lake amalume anabwereka ngolo yoti tikatengere udzu wofolerera chigafa. Pobwerera ndinaima pamwamba pa mitolo ya udzu, manja m'chiuno, kuti ana a m'njira aone munthu woima pangolo osagwira paliponse. Anandionadi. Tayala linalowa mu una, ine ndinauluka, ndipo ndinatsogoza dzanja lamanja kuti ndidziteteze kunkhope. Ndinamva phokoso ngati la phesi louma likathyoka. Ululu unachedwa pang'ono kufika, ngati mlendo wodziwa kuti akhalitsa.

Amalume anandibereka kumsana, thukuta lawo likununkha fodya ndi udzu, mpaka kwa mkulu wina wa kutsidya kwa dambo amene ankadziwika polunzanitsa mafupa. Musawaweruze amalume. Kuchipatala cha pa Boma kunali kutali, matola ankafuna ndalama yomwe panalibe, ndipo mkuluyo anali atathandizapo anthu amene ankalima bwinobwino m'mudzimo. Anali ndi njira yake. Wovulala ankabwera ndi nkhuku. Ngati wathyoka mwendo, nkhuku ankaithyola mwendo, ngati ndi mkono, ankaithyola phiko. Ankamanga onse awiri, ndipo tsiku limene nkhuku idzakupize phiko lake, munthunso wachira.

Nkhuku imene inatengedwa inali yanga, msoti wamawangamawanga umene amayi anandipatsa kuti ukhale mpamba wanga woyamba. Ndinayesa kunenerera, misozi ili chuchuchu, kuti atenge tambala wa amalume. Sizinatheke. Anandikoka mkono mpaka ndinaona nyenyezi masana, anandipaka zakuda zonunkha utsi, nkumanga ndi timabango ndi luzi. Msoti nawo anaumanga kabango kake.

Kuyambira pamenepo ine ndi nkhukuyo tinali pachibale. Kusukulu ndinasiya. Ndinkakhala pakhonde, mkono uli pachifuwa, nkumaiyang'anira ngati mlonda wa esiteti. Ndinkaigawira gaga, ndinkaithamangitsira agalu, ndinkaiopseza ikafuna kukwera pankhokwe. Zala zanga zinatupa ngati mbatata, kenako zinaphwa. Pansi pa timabango pankayabwa, ndipo ndinkakanda ndi nthenga ya nkhuku yomweyo.

Ndiye kunabwera chitopa. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti matendawa akalowa, nkhuku zimangowodzera, khosi kupindika, mawa lake khola lili zii. Zinayambira kwa oyandikana nafe. Amayi anasinja tsabola nkuthira m'madzi akumwa a msoti wanga, koma m'mawa wina tinaupeza utaima pamalo amodzi, maso otseka, phiko lomangidwa lija likukhudza pansi. Amayi anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga mpeni, poti nkhuku yodzifera yokha sidyedwa, ndipo ndiwo sizinali zotaya chaka chimenecho.

Amalume atamva anagwira pakamwa. Ananena motsitsa mawu, koma khutu la mwana limatola zonong'ona kuposa zokuwa: “Mlongo, mwapha mkono wa mwana.”

Sindinalire. Ndinakhala kuseri kwa chigafa nkumayang'ana dzanja langa, kudikira kuti liyambe kuwodzera ngati nkhuku. Ndinkadziona nditakula ndi mkono wolendewera, wosagwira khasu, wosasoka fodya, wosalemba mayeso, munthu wopatsa moni ndi dzanja lamanzere. Fungo la nyama linkatuluka m'khitchini, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga fungo la nkhuku linandichititsa nseru.

Masana a tsiku lomwelo aphunzitsi anafika panjinga yawo yolira ngati mbuzi, kudzafunsa chimene mwana wonenerera mitengo ya mafupa wasowera m'kalasi. Mlendo wofika ndiwo zitapsa sabwezedwa. Anakhala pamphasa ndi amalume, ndipo mwa mwayi kapena mwadala, sindikudziwa, amayi anawaikira phiko lomwe lija. Anamvetsera nkhani yonse akudya, osatsutsa chilichonse. Atamaliza anatsuka timafupa m'madzi osamba m'manja, nkundiitana.

Anatiyala pamphasa. Kamodzi ka kumtunda, tiwiri togona limodzi, kenako tating'ono ta kunsonga. Anaika mkono wawo wowondawo pambali pake. Zinali zofanana, kusiyana kukula kokha. Ndinaona ndi maso anga kuti mafupa ndi awiri, ndipo zinandiwawa kuti ngakhale nkhuku inali kumbali ya aphunzitsi.

Kenako anandionetsa kachotupa kaja pa fupa lokulirapo, pomwe linathyoledwa. Anayesa kulipinda, silinapindike. Linali litagwirana kale, nkhuku isanadwale nkomwe. Anati fupa ndi chinthu chamoyo, limadziwotcherera lokha, ndipo langa likuchita zomwezo nthawi yomweyo, silikudikira nkhani za m'khola. Mantha anandichoka. Koma iwo anatembenuza kafupako kuti amayi aone bwino. Kanagwirana, inde, koma kanagwirana mokhota.

“Fupa limagwira momwe mwalisiyira, mayi,” anatero.

Anatola kanyama kotsala m'mbale, nkundiuza kuti ndilandire ngati mwana wolera bwino. Kwathu mwana salandira chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi. Ndinatambasula lamanzere, chikhatho kumwamba. Lamanja linakana. Linafika pakati nkuima, chala chachikulu chitaloza kumwamba, ululu ukuthamanga mpaka m'chigongono. Amayi anamasula luzi pang'onopang'ono. Kutupa kunali kutatha, ndipo mkono unaoneka mmene unalili, wokhota ngati nthochi.

Amalume anayang'ana pansi nkumakanda mphasa ndi chikhadabo. Aphunzitsi anangonena kuti fupa la mwana likadali lanthete limawongoleka, koma silikhala lanthete mpaka kalekale. Anandipatsa timafupa tiwiri tija kuti ndiziwerengera phunziro ndili kunyumba, nakwera njinga yawo.

M'mawa mwake amayi anapita kumsika wa pafupi ndi kwathu, nabwerako dzuwa lisanafike pamutu, atanyamula kathumba ka ufa, sopo, ndi shuga pang'ono. Anandiveka malaya a kutchalitchi. Tinakwera matola, ine kutsogolo pafupi ndi dalaivala ngati bwana, ndipo ndinanyadira kwambiri moti ndinaiwala kufunsa kuti zonsezi zachokera kuti.

Kuchipatala anandijambula mkono. Dokotala anakweza chithunzicho pawindo, ndipo ndinaona mkati mwanga: mizere iwiri yoyera, yonse iwiri yothyoka, yopatukana ngati njira za kudambo. Ndinagonja pomwepo. Anandigoneka tulo ta mankhwala, ndipo podzuka ndinali ndi chikhakha choyera, cholemera, kuchoka m'zala mpaka kupitirira chigongono. Tinakhalako masiku angapo. Amayi ankagona pansi pafupi ndi bedi langa, nkumaphika panja ndi azimayi ena odikirira odwala. Mvula yoyamba inatipeza komweko, ndipo fungo la dothi lonyowa linalowa mu wodi kudzera m'mazenera. Amayi anaima pakhomo nkumaiyang'ana.

Chikhakha chitachotsedwa, mkono unatuluka wowonda, wotuwa, wonunkha ngati nsapato, koma wowongoka. Unali wouma, ndipo kutembenuza dzanja kunkawawa. Amayi anapeza mankhwala awo. Chilichonse chokoma, nsawawa zokazinga, chidutswa cha nzimbe, chimanga chootcha, ankachigwira m'mwamba mpaka nditatambasula manja onse awiri, zikhatho kumwamba. Ndinkanenerera, ndithu, kuti lero avomere theka. Sankatsitsa. Pa anthu onse amene ndachita nawo malonda, sindinakumanepo ndi wouma mtengo ngati mayi ameneyo. Pofika nthawi yothyola fodya ndinali m'chigafa pamodzi ndi amalume, kusoka masamba, manja akuda ndi utomoni, dzanja likutembenuka lokha osaliganizira. Amalume ankaima nkumandiyang'ana, kenako nkunena kuti mwina nkhuku ija inachira kumene inapitako. Ankaseka, koma m'maso mwawo munkalengeza misozi.

Lero ndikamayeza jekete pa kasitomala, ndimagwira paphewa, pachigongono, polumikizira dzanja, ndipo mayina aja amabwera okha m'mutu. Ndikamatembenuza chikhatho kuti ndilandire ndalama, ndimamva fupa lija likugudubuka pa linzake. Ndimadziwanso, poti ndi ntchito yanga, mmene wogula amaonera munthu wobwera ndi katundu ali pachangu. Amayang'ana kumapazi, amayang'ana m'maso, nkutchula mtengo wa chipongwe, podziwa kuti sabwerera naye. Pamsika paja panali anyamata ogula makuponi mwakabisira. Ndikaganiza za mtengo umene anawatchulira amayi m'mawa umenewo, ndimapezeka ndamuchotserako mtengo mayi wina wosamudziwa, anzanga nkumadabwa kuti ndadwala.

Koma izi ndi nzeru za lero. Chaka chimenecho ndinkangoona kuti chimanga cha anzathu chinali chobiriwira mpaka kuda, pamene chathu chinali chachifupi, chachikasu, ngati nachonso chagwidwa ndi chitopa. Amalume anatigawirako feteleza wa m'mbale kuchoka pa thumba lawo, ndipo mizere yochepa ya kufupi ndi nyumba inadzuka. Tinadutsa, ndi maungu, ndi ganyu, ndi kafodya kaja. Tsiku lina tikupalira ndinafunsa amayi kuti nanga feteleza wathu wa kuponi tithira liti. Anaweramuka, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana mkono wanga umene unagwira mpini wa khasu.

“Chaka chino tathira pena,” anatero, nkupitiriza kupalira.

Ndinasangalala kwambiri. Ndinaganiza kuti tili ndi munda wina umene ankandibisira, wachimanga chobiriwira kuposa cha aliyense. Ndinafunsa amalume, iwo anangoti ndifunse amayi. Dzinja lonselo, ndikaweruka kusukulu, ndinkazungulira kumadambo ndi m'malire a minda ya anthu, timafupa tiwiri tili m'thumba, ndikukankha udzu wautali ndi dzanja langa lamanja, kufunafuna munda umenewo.