Timatumba Tachikasu Timene Asibweni Anasesa

Chimbale chija ndimachiona m'maso mpaka lero: chonyezimira ngati mimba ya usipa, bowo pakati, chokulungidwa m'pepala la shuga. Asibweni, mlongo wawo wa amayi, anabwera nacho kuchokera ku Mzuzu atachiika m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Mdzukulu wanga amene akundilembera izi akuti zimbale zotere masiku ano anthu amapachika m'munda kuopsezera mbalame. Asibweni akanachipachika kalelo, bwenzi ndikudzilembera ndekha.

Chinali chilimwe, mango atayamba kupsa, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri koma m'kalasi ndisanapondemo. Ntchito yanga inali kutembenuza usipa pathandala ku Chikale, ndipo masana ndinkakwera mtunda kukasiya chakudya kwa asibweni. Iwo anali ndi kachipinda kumtunda kwa doko, kotayipira anthu makalata pa kompyuta. Munkanunkha fumbi lotentha ndi mafuta awo am'mutu.

Kutayipa ankatayipa ndi zala ziwiri, ngati nkhuku yojompha chimanga. Luso lawo linali kukongoletsa. Sabata ino pagalasi la kompyuta pali galimoto yofiira, sabata yamawa phiri la kwa azungu, kenako chithunzi cha nyanja ya kwina, pamene nyanja yeniyeni inali pakhomo pomwepo. Munthu wobwera ndi kalata ya maliro ankadikira pabenchi, iwo ali pakalikiliki kusankha mtundu wa m'mphepete mwa galasi. Ndakalamba tsopano, ndaona amuna ambiri opukuta njinga yopanda tcheni, koma wofanana nawo sindinamuone.

Nyengo imeneyo kunkabwera aphunzitsi, mayi wamtali wa magalasi omanga ndi ulusi, kudzatayipa mayeso otsekera chaka. Ankatayipa okha chifukwa asibweni ankalakwitsa. Tsiku lina anandipeza nditayang'anitsitsa zala zawo. Sanandithamangitse. Anadina apa ndi apo, pagalasi n'kutuluka kathumba kachikasu, pansi pake pali tizilembo. Anati amenewo ndi mawu akuti bwato, ndiwayang'ane mpaka ndiwadziwe ngati nkhope ya munthu.

Ulendo uliwonse ankawonjezera kathumba kamodzi. Nsomba. Mayi. Nyanja. Mango. Timatumbato tinafika tisanu ndi tinayi, titandandalika kumanzere kwa galasi, ndipo kotsiriza kanali ka dzina langa. Ndinkatitchula potsika mtunda, mbale zili pamutu, kuyambira kumwamba mpaka pansi.

Kenako aphunzitsi anatsikira ku Chikale ndi nsapato zawo zakutchalitchi, nakaima pamchenga wotentha pamaso pa amayi. Anati mwanayu ali ndi mutu, Januwale akayambe sukulu, adzamukhazika m'kalasi mwawo ngakhale wakula. Amayi anafunsa kuti usipa azitembenuza ndani, komanso kuti mtsikana wotere akakhala bwanji pansi ndi tiana tamamina. Koma pomaliza anati Loweruka m'mawa abwera adzaone okha. Ndikawerenga, ndipita.

Asibweni anabwera ndi chimbale chija Lachisanu.

Munali mapulogalamu, eti okonzera makina kuti akhale ngati a ku Joni. Ndinawapeza masana thukuta lili kamukamu, ataitana onyamula katundu a padoko kuti adzaonere. Kamuvi koloza zinthu pagalasi kanasanduka kang'ona kogwedeza mchira. Zilembo zonse zinapotana ngati nsonga za nkhwani. M'munsi munabwera tizithunzi totupa kang'ona kakatiyandikira. Makina poyaka ankalira ngati lipenga la sitima. Anthu ankaseka, iwo n'kumaona ngati akuwatama. Pulogalamu yomaliza ankaitcha tsache, ndipo anati aiyendetsa ine ndikachoka, makina apepuke. Timatumba tanga tinali tikadalipo. Ndinatiwerenga n'kutsika.

Loweruka amayi anasamba m'manja ndi ndimu kuchotsa fungo la nsomba, navala chitenje chawo chamvano. Sindinawaonepo atachivala tsiku wamba. Anakhala pabenchi ataongoka, aphunzitsi pambali pawo. Makina analira lipenga lawo, kenako anatidikiritsa nthawi yokwana kukatunga madzi kunyanja n'kubwerako. Galasi litayera, kumanzere kunali mbee.

Aphunzitsi anafunsa mwaulemu kuti timatumba ta mwana tapita kuti.

“Tsache lachotsa zinyalala zonse, madamu,” anatero asibweni, akumwetulira. “Munalibe kanthu m'timatumba timeneto. Ndinatsegula ndekha, tonse tinali topanda kanthu.”

Munalibe kanthu. Ankanena zoona, ndiye chimene chimandinyansa. Anasuzumira m'kati, osaona zimene zinalembedwa kunja, munthu woti anafika fomu thuu.

Aphunzitsi anayesa kupanga kena. Kanatuluka kobiriwira, zilembo zake zopotana, ndipo ine sindinazindikire nkhope ngakhale imodzi. Poyesa kachiwiri kang'ona kanauma pakati pagalasi, mchira uli m'mwamba, osasunthanso. Asibweni anati makina akuzolowera, tiwapatse mpata. Ndiye aphunzitsi anatulutsa cholembera, nalemba papepala ndi dzanja lawo lolumikiza zilembo, limene ine ndinali ndisanalionepo. Analoza mawu apamwamba. Ndinati bwato, chifukwa bwato ndiye ankakhala pamwamba.

Mawuwo anali akuti mayi.

Amayi sanakalipe. Anaimirira, nakonza chitenje, nathokoza aphunzitsi chifukwa chovutika. Kenako anandiyang'ana.

“Tiye. Usipa uli padzuwa.”

Aphunzitsi anabweranso kawiri ku Chikale, koma amayi anali atapereka kale m'mawa wawo umodzi, ndipo wina analibe. Mvula isanagwe makina anakaniratu kuyaka. Asibweni anawasenza pa minibasi kupita ku Mzuzu, makinawo n'kubwerako opanda kang'ona, opanda lipenga, iwo akudandaula kuti wokonzayo sadziwa zokongola. Mpaka kumwalira kwawo sanadziwe chimene anasesa. Ndikawakumbutsa ankati, “Kodi ukunena tija topanda kanthu?”

Lolemba lotsatira Loweruka lija, nditasiya chakudya, ndinazungulira kuseri kwa kachipinda, kumene ankataya zinyalala. Ndinaganiza kuti chosesedwa chimapita kudzala, ngati kwathu. Ndinafukula ndi kamtengo makoko a mango, mapepala opindidwa, mitu ya nsomba, ntchentche zikundizinga, kufunafuna kanthu kachikasu. Ndinkangofuna kotsiriza kaja, ka dzina langa.

Sindinkadziwa kuti mawu sakhala m'makina. Dzina lomwelo linali m'sutikesi ya amayi, pa khadi langa lakusikelo, pansi pa chitenje chamvano, ndipo ndinkagona pafupi nalo tsiku ndi tsiku.