Tsiku limene alamu anabwereka njinga yawo yomwe

Loweruka lapitali ndinakankha wilibala kuzungulira komboni yonse, ine munthu woti msana wanga unasiya kalekale kundimvera. Amene anandigwiritsa ntchitoyi ndi alamu anga, a Mbewe, amuna a mlongo wanga Esinati. Anafika kwathu ndisanasukusule n'komwe, atavala jekete lachikopa m'kutentha konse kwa m'chigwa cha Honde muno, m'dzanja atafumbata kanthu kakuda konga bokosi la machesi.

"Alamu, kafika," anatero. "Tengani wilibala, lero njinga ilira."

Inu amene simuwadziwa a Mbewe, ndikuuzeni. Ayendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi kuyambira ali mnyamata. Zinthu zitayamba kuvuta m'dziko muno, mzungu wina amene anali manijala analongedza katundu n'kupita kunja, ndipo njinga yake yamoto anawasiyira alamu chifukwa ndi iwo ankaitsuka. Musaganize za tinjinga timene akapitawo amayendera m'minda. Iyi ndi yofiira, yampikisano, ija yoti wokwera amachita kugona chafufumimba pathanki. Ana a kuno amaitcha mudhudhudhu, dzina lachishona la njinga yamoto iliyonse, koma akuinyoza. Iyo imabangula.

Kwa kanthawi alamu anatchuka. Akamadutsa ku Mandeya, amayi ogulitsa nthochi ankasiya makasitomala n'kumawayang'ana. Kenako tsiku lina kabokosi kamagetsi kanapsa, njinga n'kungoti zii pakati pa msewu. Anakafunsa ku Mutare. Mwini sitolo anawauza kuti zoterozo zimapezeka ku Joni kokha, ndipo atawatchulira mtengo wake m'marandi, alamu anapempha madzi akumwa.

Kodi munayamba mwafunsapo mtengo wa zitsulo za njinga zamtunduwu? Tayala lakumbuyo lokha mungagule nalo ng'ombe yaing'ono, ndipo silichedwa kutha. Oyilo imafuna yakeyake. Tcheni chake, mabuleki ake, ngakhale kagalasi kakasweka, zonse n'za kunja. Njinga ya kapitawo ikadwala mumaimanga ndi waya ndi mphira, mawa ili pantchito. Iyi waya simudziwa. Amene anaipanga ankaganiza za munthu wamalipiro osasungunuka, osati ife amene timalandira ndalama m'mawa n'kupeza madzulo yasanduka mapepala oyatsira moto.

Ndiye njinga ija inalowa m'nyumba. Inaima pabalaza, pamalo pamene panali tebulo, ndipo mlongo wanga anayamba kuyanikapo matawulo.

Tsono mukuwadziwa anthu athu. Chinthu chikangokhala osagwira ntchito, maso amachipeza. Anayamba ndi Farai, mnyamata wometa tsitsi pansi pa mtengo wa mapeyala, kudzabwereka magalasi awiri aja, akuti mawa abweza. Kenako a Gondwe, mkulu wa mpingo, anadzapempha nyali yakutsogolo kuti iziwunikira pamaliro magetsi akathima, ndipo masiku ano amayaka mwa apo ndi apo. Pomaliza batire linapita kwa mayi Nasibeko. Iwo ali ndi kasola kakang'ono padenga ndi foni imodzi yokha ya mzere wathu wonse wa nyumba. Foniyo ndi yokalamba, batire lake linafa, moti imagwira ntchito pokhapokha italumikizidwa ndi waya ku batire la alamu. Lamlungu lililonse masana anthu amakhala pakhonde pawo kudikira ana awo a ku Joni kuti aimbe.

Mmodzi wa ana amenewo ndi Chipo, mwana wa alamu, amene amachapa ndi kusesa m'nyumba za anthu kumeneko. Ndi iye anasunga pang'onopang'ono mpaka kugula kabokosi kaja, n'kukapatsira wa basi pamodzi ndi shuga ndi sopo. Esinati atamasula katunduyo anagwira m'chiuno.

"Mwanayu walowa mutu wa bambo ake," anatero. "Mafuta ophikira tilibe, iye akutumiza chakudya cha chitsulo."

Koma ndinamuona akupukuta kabokosiko ndi nsonga ya chitenje.

Ulendo wa wilibala tinayambira kwa Farai. Tinamupeza ali pakati pometa munthu.

"Aa, sekuru, mukatenga magirazi, kasitoma aona sei kumbuyo kwa mutu?" anadandaula, chinyanja chake chosakaniza ndi chishona.

"Umuuze kuti kuli bwino, akukhulupirira," anayankha alamu. Komabe anachita kupepesa, n'kulonjeza kuti abweza dzuwa lisanalowe.

A Gondwe anatulutsa nyali itakulungidwa m'nsalu yoyera ngati ziwiya za mgonero. Anaigwira ndi manja awiri, osafuna kuisiya.

"Nanga wina akatisiya lero, bambo Mbewe?"

"Muwauze adikire mawa, akuluakulu."

Tinaseka tonse, koma ine ndinayamba kuona chinthu chodabwitsa. Munthu akuyenda khomo ndi khomo, chipewa m'manja, kupempha katundu wake yemwe, ndipo paliponse akuthokoza ndi iyeyo.

Kovuta kunali kwa mayi Nasibeko. Sanakane, sanakalipe. Anangokhala pamkeka n'kumayang'ana batire lija, limene analisokera kansalu kofunditsa.

"Ndi lanu, achimwene, tengani," anatero. "Koma mawa ndi Lamlungu. Mai Tafadzwa mwana wawo anawoloka malire kupita ku Joni sabata yatha, sanamve ngati anafika. Inunso Chipo aimba."

Alamu anakanda m'mutu. Anati aona. Batire tinalikweza m'wilibala ngati wodwala.

Tinaitulutsa njinga panja, tinaipukuta fumbi, alamu n'kuyamba kumanga chimodzichimodzi. Petulo anali m'botolo la mafuta ophikira, wochokera kutsidya kwa malire ku Mozambiki, amene anasinthanitsa ndi mikoko ya nthochi. Anamuthira mosamala ngati mankhwala a m'maso. Anthu anadzaza pabwalo. Atadina batani, njinga inatsokomola n'kukhala chete. Anadinanso, chimodzimodzi. Ndinaona mayi Nasibeko kumbuyo kwa gulu atagwira pakamwa, chifukwa ankadziwa kuti kutsokomola kulikonse kukudya mafoni a mawa.

Kachitatu inabangula.

Nkhuku zinabalalika, agalu anathawira m'tiyi, amayi analulutira ngati kwabadwa mwana. Alamu anakwera, anagona pathanki paja ndi mimba yawo yonse, n'kutsetsereka mpaka pa shedi yoyezera masamba, kenako kulowa pa tara. Tinkangomva mawu ake akubwerera kuchokera m'mapiri. Kunena zoona ndinasangalala, mpaka ndinapukuta m'maso. Zaka zino taona zinthu zambiri zikuima, masitolo, mabasi, masukulu, moti kuona chinthu chimodzi chikudzukanso kunandikhudza mtima.

Sanapite patali. Petulo wa m'botolo ndi wa m'botolo, ndipo tayala lakumbuyo linali litayamba kuonetsa ulusi. Anabwerera akukankha chigawo chomaliza, thukuta kamukamu, mano onse pamtunda.

Anakhala pachitsa akupumira m'mwamba, ndipo ine, mlamu woipa, ndinawayesa.

"Alamu, njinga yakwana tsopano. Batireli ndi lanu. Palibe angakudzudzuleni mukalisiya momwemo."

Anayang'ana njinga yawo nthawi yaitali, yonse yathunthu, magalasi ali m'malo, nyali ikunyezimira. Kenako anati, "Patseni sipanala. Dzuwa likadalipo, batire likagwireko moto pa sola."

Ndiye ndinakankhanso wilibala, ulendo wobweza.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi sabata yonse. Ife timakonda kuseka munthu amene ali ndi chinthu choposa thumba lake, ndipo nthawi zina n'koyenera. Ndikudziwa anthu amene ana awo akuyenda osavala nsapato pomwe galimoto ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, ikudikira chitsulo chimene sichidzabwera. Mphatso yodula nthawi zina imakhala ngati mlendo amene sadya zimene mumadya inu. Mukafuna kulandira njinga yamtunduwu, yambani mwafunsa mtengo wa tayala.

Komanso sindikufuna kuti muganize kuti ndikuyamikira khalidwe lathu lobwereka osabweza. Limandinyansa. Khasu langa lili kwa munthu wina wake chaka chachiwiri tsopano, ndipo akuwerenga ndemangayi, akudzidziwa.

Koma taonani mbali inayi. Masiku ano ndani akugwira ntchito imene anabadwira? Aphunzitsi akugulitsa tomato, makalaliki akulima nthochi, mafiriji asanduka makabati a mbale. Njinga ya alamu nayo yachita zomwezo. Inapangidwa kuti izithamanga ndi munthu mmodzi, koma kuno ikumetetsa anthu, ikuwunikira oferedwa, ikubweretsa mawu a ana athu kuchokera kutali. Mzungu uja ankaikwera yekha. Ife tikuikwera komboni yonse, itaima. Kodi yawonongeka pamenepa, kapena yangophunzira kukhala kuno?

Mawa lake la tsiku lija, Lamlungu, titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde pa mayi Nasibeko monga mwa masiku onse. Foni inali pampando, waya wake utalowa pansi pa kansalu kaja. Italira koyamba, inali ya mai Tafadzwa. Mwana anafika bwino, wapeza pogona kwa asuweni ake. Mayiwo anagwada pansi pomwepo.

Kenako anaimba Chipo. Foniyo ilibe chinsinsi, aliyense amamva.

"Baba, kabokisi kanafika? Yalira here?" anafunsa, akusakaniza ndi chishona.

"Yalira, mwanangu. Ndafika nayo mpaka pa tara."

Tinamva mwana akukuwa ndi chimwemwe kutsidya. "Iyatseni, baba! Ndimveko ndiri kuno."

Alamu anayang'ana waya, anayang'ana batire, anatiyang'ana ife. Njinga ikalira ndiye kuti foni yathima. Ndinkayembekeza kuti amufotokozera mwanayo zonsezi, koma iwo anangoima, munthu waimvi, atavala suti yakutchalitchi. Anayandikitsa foni pakamwa, anakoka mpweya, n'kubangula ndi milomo yawo, kusintha magiya onse mpaka lomaliza.

Pakhonde ponse tinagwa nako kuseka. Esinati anabisa nkhope m'chitenje. Kutsidya tinamva Chipo akufwenthera.

"Ndaimva, baba," anatero. "Ikulira bwino."