Zala Zoyera pa Khoma la Amayi

Anthu akaona zojambula zanga amafunsa kuti, "Kodi chimenechi n'chiyani, bambo? Mitundu yokhayokha, munthu ali pati?" Amanditopetsa zedi. Munthu analimo, koma ndinamufufuta ndine.

Kwathu ku Ngauma amayi ankazira khoma la pakhonde chaka chilichonse tikakolola. M'munsi ankapaka makande akuda, pakati katondo, pamwamba dothi loyera la kudambo. Pafupi ndi chitseko, pansi penipeni, panali mizere ing'onoing'ono yoyera, yokhotakhota ngati popalasa nkhuku. Amayi ankazira molambalala mizereyo, osaikhudza. Ine ndinkangoti analakwitsa. Kufunsa? Aaa, unyamata unali utandikwera m'mutu.

Nkhondo itakula ndinali ku Cuamba, ndikulemba zikwangwani za maloja, ndiye kuti masitolo. Amayi ndi mlongo wanga, mzime wathu, anatsala kumudzi. Ndinkangoti ndikawatenga mwezi wamawa. Mwezi wamawa wake uti! Anthu amfuti anatentha mudzi, awiriwo n'kuthawira cha ku Mandimba, ndipo mwanayo anamwalira ndi malungo m'njira. Anamuika patchire mofulumira, pamalo poti ngakhale amayi sakanapalozanso. Chithunzi chake tinalibe.

Amayi atandipeza ku Cuamba sankalankhula, ankangokhala duu. Ndiye ine ndi nzeru zanga za m'tauni ndinati ndiwabwezere nyumba yawo. Ndinatenga thabwa ndi tinta, utoto wotsala kuntchito, n'kupaka chakuda, chofiira ndi choyera monga linalili khoma lija. Mizere ija ndinaijambulanso, koma ndinaona kuti ikuipitsa. Ndinaifufuta ndi chakuda, thabwa n'kusalala see.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali, kenako analoza m'munsi.

"Nanga mwana wanga ali kuti?"

"Mwana uti, amayi?" ndinafunsa.

"Zala zake. Akuphunzira kuyenda anaviika dzanja m'dothi langa, n'kugwira khoma."

Mayo ine! Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo mpaka lero sanandisiye. Anthu amfuti anatentha zalazo, ine mlongo wake weniweni n'kudzazifufutanso ndi manja anga.

Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Iwo anangogwada, n'kuviika zala m'chitini cha tinta woyera, n'kuzikoka pathabwapo pang'onopang'ono. Atayang'ana anapukusa mutu.

"Sizikufanana," anatero. "Dzanja langa ndi lalikulu."