Ufa wa paini m'phala la apongozi

Nditangotengedwa chitengwa ku Nsaru, ndinamva kuti ufa wachikasu woyoyoka m'mitengo ya paini ya kusukulu umapatsa mphamvu. Apongozi aakazi anali ofooka, ndiye ndinakaugwedezera pampango n'kuwathirira m'phala mobisa, poti akalimba ndidzaulule, andiyamike.

Pofika masana maso awo anatupa mpaka kutsekeka. Mlendo ngati ine, akanandiyesa mfiti.

"Kodi alamu, m'phala muja munathiramo chiyani?" anafunsa achemwali a amuna anga.

"Mchere wokha," ndinayankha, mpango uja nditaukhalira.

Mlandu unagwera mayi wina woyandikana nafe. Apongozi anachira mkucha wake, koma mpaka kumwalira sanamupatsenso moni mayiyo. Ine ndinkamupatsa kawiri.