Bokosi Lokhoma Misomali

Achimwene anga anawatenga m'mawa akusoka ukonde padoko kwathu ku Makanjira. Mlandu wake akuti ankawolotsa zigawenga pabwato. Amene anawanenera sitimudziwa mpaka lero. Masiku amenewo munthu wotengedwa sunkamufunsa, pakuti ukapita kuboma ku Mangochi kukafunsa, nawenso sunkabwerako. Tinangokhala chete, amayi n'kumawonda.

Mvula itagwa n'kutha, kunafika galimoto ndi apolisi awiri ovala zawamba. Anatsitsa bokosi lamatabwa lokhoma misomali yambirimbiri.

"Munthu wanu uyu, anadwala chibayo," anatero wamkuluyo. "Osatsegula. Osalira mokweza. Muike lero lomwe, ife tikuona."

Ndinapsa mtima. Ife ndife Asilamu, sitiika munthu m'bokosi ngati katundu wa m'sitolo. Timamusambitsa, kumukulunga m'sanda, nsalu yoyera ya maliro, n'kumugoneka chammbali m'kachipinda kamene timakumba m'khoma la dzenje, nkhope italoza kumene timayang'ana popemphera. Anthu awa anali ochokera kumaboma akumtunda, ndipo za maliro athu ankangodziwa kuti timafulumira. Izi zinawasangalatsa, poti ankafuna abwerere kusanade.

Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Sankalira.

"Iwe, mwana wanga asagone chagada m'matabwa. Wamva?"

Ndinakauza ashehe. Iwo anagwira ndevu zawo kanthawi, kenaka anati titenge nsalu yaikulu ija. Kwathu, tikamatsitsa mtembo wa munthu wamkazi, amuna amatambasula nsalu pamwamba pa dzenje kuti maso a anthu asaone. Mwamuna sitimuchitira zimenezo. Koma ndani akanawauza apolisi aja?

Kumanda iwo anaima pamthunzi wa mtengo wa mbibo akusuta fodya. Titatsitsa bokosi, nsalu inatambasuka, ndipo ine ndi amalume tinatsala pansi. Ashehe anakweza mawu a pemphero, anthu n'kumavomera mwamphamvu kuposa masiku onse, kuti kulira kwa misomali kusamveke. Ndinakanula chivindikiro ndi sompho imene ndinaibisa m'malaya.

Fungo linatikankha. Munthuyo anamukulunga m'bulangeti lakundende. Nkhope inali yotupa, milomo yong'ambika, m'mikono muli mabala a unyolo ofika pafupa. Chibayo sichitero. Ndinamugwira dzanja lamanja kuti ndimutembenuze, ndipo ndinaona zala zisanu zathunthu. Achimwene chala chawo chaching'ono cha dzanja limenelo chinaduka ndi chingwe cha ukonde ali mnyamata.

Amalume anaonanso. Tinayang'anana. Pamwamba pemphero linali pafupi kutha, ndipo kufuula kukanatiphetsa mudzi wonse. Tinamukulunga m'sanda imene tinakonzera achimwene, tinamugoneka chammbali, n'kutseka kachipindako. Kaya anali Msilamu, kaya wa tchalitchi, sitinadziwe. Bokosi lopanda kanthu tinalisiya pompo, dothi n'kulikwirira. Apolisi anaponda zotsala za fodya wawo n'kumapita, mitima ili m'malo.

Pobwerera kumudzi ndinkamva kachimwemwe kena kochititsa manyazi: mwina achimwene ali moyo. Ndinapeza amayi atakhala pamkeka m'nyumba, azimayi ena atawazungulira. Ndinadikira mpaka atatuluka onse.

"Mwamugoneka bwino?" anafunsa.

"Tamugoneka bwino, amayi. Koma si achimwene. Ndi mwana wa eni."

Ndimayesa adzuka, mwina aseka, mwina andikumbatira. Koma sanatero. Iwo anali ataona kale chimene ine sindinachiganize: kuti mabokosi analipo awiri, ndipo linalo, la achimwene, linakwera galimoto ina.

"Ndiye wangayo," anatero motsitsa mawu, "akumugoneka ndani?"